Anatsala pansi pa Kamandama

Lachiwiri pa 6 June 1972, cha m'ma 10:30 m'mawa, nthaka inagwedezeka ku Wankie, tauni ya migodi ya malasha kumpoto chakumadzulo kwa dziko limene nthawi imeneyo linkatchedwa Rhodesia. Anthu amene anali pamtunda anamva kugunda kwakukulu, kenaka anaona chiutsi chakuda bii chikufuka pakhomo la mgodi wa Nambala 2, pamalo otchedwa Kamandama. Amuna a shifiti ya m'mawa anali atalowa kalekale. Akazi a m'komboni anathamangira komweko, ndipo anakhala pamenepo usana ndi usiku kudikira kuti wina atuluke adzawauze zoona.

Anthu 8 okha ndiwo anatulutsidwa amoyo. Magulu opulumutsa anthu, ena ochokera ku migodi ya ku South Africa, anayesa kulowa atavala zopumira, koma m'njira zapansizo munali mutadzaza mpweya wakupha, ndipo makina opopera mpweya wabwino anali ataphwasuka. Tsiku lotsatira mgodiwo unaphulikanso kawiri. Pofika Lachisanu pa 9 June, bwana wamkulu wa mgodi, Gordon Livingstone-Blevins, anagamula kuti ntchito yofunafuna anthu ithere pomwepo. Mitembo 3 yokha ndiyo inali itatulutsidwa. Ina 424 inasiyidwa momwemo, khomo la mgodi n'kutsekedwa. Lamulungu pa 11 June anthu pafupifupi 5,000 anasonkhana pabwalo la mpira kuchita mwambo wa maliro opanda mabokosi. Onse amene anafa anali 427. Papita zaka zoposa 50 tsopano, ndipo ku Zimbabwe, dzina la lero la dzikolo, sikunachitikenso ngozi ya mumgodi yopha anthu ochuluka chotero. Amuna aja akadali pomwe imfa inawapeza.

Amene sanalowepo mumgodi wa malasha amayesa kuti choopsa kwambiri ndi denga kugwa. Eniake ntchito amaopa zinthu zina ziwiri. Choyamba ndi mpweya wa methane, umene umatuluka m'malasha momwemo akamaswedwa. Ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo ukachuluka kufika pakati pa magawo 5 ndi 15 pa magawo 100 alionse a mpweya wa mumgodi, kamoto kakang'onong'ono n'kokwanira kuuyatsa. Chachiwiri ndi fumbi la malasha, lija limakanirira pazipilala, padenga, pamalamba onyamula malasha ndi m'mphuno mwa anthu. Methane akaphulika pakona imodzi, mphepo yake imautsa fumbilo, fumbilo n'kuyaka lili m'malere, ndipo mphamvu yake imautsanso fumbi lina kutsogolo. Basi moto n'kumadzisonkhezera wokha, njira ndi njira, mpaka kumalekezero a mgodi. Amene malawi sanawafike amatsirizidwa ndi mpweya wa carbon monoxide wotsalira m'mbuyo. Komiti imene boma linaika kuti ifufuze za ngoziyi inapeza kuti ku Nambala 2 zinayenda chimodzimodzi: methane poyamba, fumbi pambuyo.

Chimene chimawawa n'chakuti mankhwala ake anali odziwika. Kwa zaka makumi angapo migodi ya ku Ulaya ndi ku America inali ikuwaza fumbi la miyala, makamaka miyala ya laimu yopera, m'njira zonse za pansi, kuti likasakanikirana ndi fumbi la malasha moto usapeze poyenda. Ku Wankie chitetezo chimenechi sichinali chokwanira. Miyala yopera si chinthu chodula, ndipo mwini mgodi anali Anglo American, kampani imene kuno kummwera kwa Africa kunalibe ina yoiposa chuma.

Mwa anthu 427 aja, 391 anali akuda ndipo 36 anali azungu. Powawerenga ndi mayiko awo, 176 anali a ku Rhodesia komweko, 91 a ku Zambia, 52 a ku Mozambique, 37 a ku Malawi, 30 a ku Tanzania, otsalawo a m'mayiko ena. Ndiye kuti oposa theka anali alendo. Ndipo poona mmene mabanja a anthu obwera anakhazikikira m'makomboni a ku Rhodesia kuyambira kale, n'zosakayikitsa kuti ena mwa olembedwa kuti ndi a dzikolo anali ana a machona, obadwira pamgodi pomwepo koma kwawo kwenikweni kuli kutsidya la Zambezi. Mpaka lero Chinyanja chimamveka m'misika ndi m'mabala a ku Hwange, dzina la lero la Wankie, pambali pa Chinambya, Chitonga ndi Chindebele, ndipo malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka za dzikolo. Ngozi ya ku Kamandama si nkhani ya eni dziko okha. Ndi maliro athu.

Kwathu maliro amafuna thupi. Timalisambitsa, timagona pasiwa, adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu, akuchimuna ndi akuchikazi amaona ndi maso awo kuti m'bale wawo wagonekedwa, ndipo pambuyo pake pamakhala kumeta, kenaka chiliza. Zonsezi zimathandiza mtima kuvomera. Tsono taganizani za mayi wa kumudzi amene anangolandira uthenga wa pakamwa kapena kalata, mwina pamodzi ndi sutikesi ya zovala, akumuuza kuti mwana wake ali pansi pa nthaka ya dziko lina, mumgodi wotsekedwa, ndipo palibe amene adzamutulutse. Aliza maliro otani? Ameta liti? Kwa mabanja a ku Zambia chinawonjezeka n'chakuti patangopita miyezi 7, mu January 1973, boma la Ian Smith linatseka malire a mayiko awiriwa, kotero ngakhale wofuna kukangoima pamwamba pa mgodiwo n'kulira analibe njira yapafupi.

Kuti timvetse chimene amuna a mayiko onsewa ankachita pansi pa nthaka ya Wankie m'mawa umenewo, tiyenera kutsatira malashawo, chifukwa kwa zaka zoposa 100 mbiri ya malasha a ku Zimbabwe yakhala mbiri ya dera limodzi lomweli. Eni dera, anthu a mfumu Hwange, ankadziwa kalekale za miyala yakuda imene imayaka. Cha m'ma 1894 Mjeremani wina, Albert Giese, anamva za miyalayo, anakaiona, nalembetsa malowo. Malashawo anali ochuluka ndiponso abwino kotero kuti anakhotetsa njanji. Mapulani oyamba anali oti njanji yopita kumpoto ikaoloke Zambezi cha ku Chirundu, koma inapatutsidwa kuchoka ku Bulawayo kulowera ku Wankie, kumene inafika mu 1903, ndipo mlatho wa pa Victoria Falls unatha mu 1905. Kuchokera pamenepo malasha a ku Wankie anayendetsa sitima za dera lonse, anatembenuza makina a migodi ya golide, ndipo ena ankaphikidwa m'ng'anjo kukhala coke wosungunulira mkuwa ku Katanga, kenaka ku Copperbelt.

Anthu a pafupi sankaifuna ntchitoyo. Ku Wankie kumatentha koopsa, chakudya cha m'komboni chinali chosakwanira, ndipo m'zaka zoyambirira antchito ankafa ndi chibayo ndi matenda otupitsa nkhama obwera chifukwa chosowa ndiwo zamasamba ndi zipatso. Katswiri wa mbiri yakale Ian Phimister, amene anafufuza mabuku a kampaniyi, anaonetsa kuti phindu lake linkadalira malipiro otsika ndi kuumira pa chilichonse chokhudza moyo wa wantchito. Choncho kampani inkayang'ana kutali, kwa anthu amene msonkho unawathamangitsa m'midzi ya ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Ena ankayenda okha wapansi, ena ankatengedwa ndi mabungwe olemba anthu ntchito, monga lija akuluakulu athu ankalitchula kuti Mthandizi. Munthu wochokera kutali sathawa msanga, alibe munda woti abwerereko madzulo, ndipo nyumba imene akugona ndi ya bwana. Kampani inkadziwa zimenezi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, njala ya malasha inakula kuposa mphamvu za mgodi ndi za njanji. Mkuwa unali pamtengo wabwino, mafakitale ankamera ku Bulawayo ndi ku Salisbury, ndipo Wankie ankalephera kukwaniritsa. Zinafika poti migodi ya ku Copperbelt inkadula nkhalango zikuluzikulu n'kumasonkha nkhuni m'maboyila ake kuti magetsi asazime. Mu 1953 Anglo American, imene inalinso ndi migodi ya mkuwa kumpotoko, inatenga ulamuliro wa Wankie, inathira ndalama, inatsegula mgodi wa Nambala 3, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 malasha okumbidwa pachaka anayandikira matani 4 miliyoni. Antchito sanaone kusintha kolingana ndi kukwerako. Mu February 1954 zikwi za iwo zinanyanyala ntchito, ndipo nduna yaikulu ya Southern Rhodesia, Garfield Todd, amene ambiri amamukumbukira ngati mzungu womvera anthu akuda chisoni, anawatumizira asilikali.

Kukwera koyambaku kunadulidwa ndi madzi. Damu la Kariba litayamba kupereka magetsi cha mu 1960, migodi ya mkuwa ndi matauni zinachepetsa kuotcha malasha. Kenaka ndale zinalowererapo. Smith atalengeza ufulu wa azungu okhaokha pa 11 November 1965, Zambia inazindikira kuti mkuwa wake wonse uli m'manja mwa mdani amene angathe kutseka malasha tsiku lililonse, ndipo inathamangira kutsegula migodi yakeyake m'chigwa cha Gwembe, poyamba ku Nkandabwe, kenaka ku Maamba. Sitima nazo zinayamba kusinthira ku dizilo pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1970 Rhodesia inkakumba matani pafupifupi 3 miliyoni pachaka, ndipo popeza mayiko anali ataikaniza mafuta, malashawo anali mtima wa chuma chake: magetsi a m'matauni, chitsulo cha ku Redcliff, njanji, ndi mabani ochizira fodya.

Mukatenga ziwerengero za chaka ndi chaka n'kuzijambula pamzere, chaka cha 1972 simungachiloze msanga. Mzerewo umangotsika pang'ono n'kudzukanso. Mgodi wa Nambala 2 unali utatha, koma kampani inakankhira ntchito ku migodi yotsala, inakulitsa kukumba kwa pamtunda, ndipo sitima za malasha zinapitiriza kunyamuka. Apa ndi pamene mtima wanga umaima ndikamawerenga mbiri imeneyi. Damu linatsitsa mzerewo kwa zaka. Kuchoka kwa kasitomala mmodzi, Zambia, kunaoneka. Imfa ya amuna 427 pa tsiku limodzi inangosiya kachizindikiro kochepa. Ziwerengerozo sizinama, koma zimayeza chimene eni mgodi ankafuna kudziwa, ndipo munthu wokumbayo sanali m'gulu la zimenezo, chifukwa pachipata pankakhala pali ena odikira ntchito.

Ufulu wa 1980 unabweretsa nyengo imene anthu a m'tauniyi amaikumbuka ndi mtima wofewa. Mu 1982 dzina linabwerera kwa mwini wake, Wankie n'kukhala Hwange. Boma linakhala mwini wa magawo ambiri m'kampani kuposa wina aliyense. Chachikulu koposa, pafupi ndi mgodi panamangidwa siteshoni ya magetsi yoyendera malasha: makina 4 a mamegawati 120 lililonse ndi ena 2 a mamegawati 220, onse pamodzi mamegawati 920, amene anayamba kugwira ntchito pakati pa 1983 ndi 1987. Pofuna kuidyetsa, kampani inagula chimakina chachikulu chotchedwa dragline, chofukula dothi la pamwamba kuti malasha aonekere poyera, ndipo malashawo ankayenda palamba kuchoka kumgodi mpaka kusiteshoni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 dzikolo linkakumba matani opitirira 5 miliyoni pachaka. Kampani inali ngati boma la tauniyo: nyumba, madzi, chipatala, sukulu, misewu, bwalo la masewera ndi timu ya mpira, zonse zinali zake. Ana a anthu amene anabwera wapansi kuchokera ku Nyasaland anaphunzira ntchito zamanja pakampani pomwepo, ena n'kukhala makalaliki, manesi ndi akapitawo.

Koma tauni yodalira kampani imodzi imadwala tsiku limene kampaniyo yadwala. Chuma cha Zimbabwe chitayamba kugwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, makasitomala onse anagwa pamodzi. Minda ikuluikulu ya fodya inasokonekera kuyambira 2000. Njanji inasowa mabogi ndi mainjini. Fakitale ya chitsulo ya ZISCO, imene inkagula coke wambiri, inazimitsa ng'anjo zake mu 2008, chaka chimene ndalama ya dzikolo inasanduka mapepala. Ogula magetsi sankalipira, ogulitsa magetsi nawo sankalipira malasha, ndipo dragline ikawonongeka panalibe ndalama zakunja zogulira zitsulo zake. Cha mu 2009 dziko lonse linakumba matani osafika 2 miliyoni, kutsika kuposa mmene zinalili m'masiku a Todd. Malasha sanathe pansi ayi. Akatswiri amati alipo okwanira mibadwo yambiri. Chinatha ndi ndalama, makina ndi kayendetsedwe kabwino.

Amene analipira kugwako ndi omwe aja. Kampani ya Hwange Colliery inakhala zaka zingapo osapereka malipiro athunthu kwa antchito ake, ndipo mwamuna akadandaula mokweza ankaopa kuchotsedwa ntchito ndi kulandidwa nyumba. Choncho anadzuka ndi akazi. Chakumapeto kwa January 2018 akazi a antchito, pamodzi ndi amasiye, anakamanga misasa pachipata cha maofesi a kampani. Anaphika pomwepo, anagona pomwepo, nyengo ya mvula, kwa miyezi pafupifupi 3, akufuna ndalama zimene amuna awo anazigwirira kale ntchito. Mu October chaka chomwecho boma linachotsa kampaniyo m'manja mwa oiyendetsa n'kuiika pansi pa woyang'anira wapadera chifukwa cha ngongole. Kawiri konse m'mbiri ya tauniyi, mu 1972 ndi mu 2018, chithunzi chimene dziko linaona ndi cha akazi atakhala pansi pachipata cha mgodi.

Lero malasha a ku Zimbabwe akukweranso, koma nkhope yake yasintha. Kampani yakale ija si yokhanso. Makomo Resources inayamba kukumba cha mu 2010 ndipo patapita zaka zochepa inkatulutsa malasha ochuluka kuposa Hwange Colliery. Pambuyo pake panabwera makampani ambiri a ku China, ena okumba, ena omanga ng'anjo za coke wogulitsa kunja ndi wodyetsa mafakitale osungunula zitsulo. Mu August 2023 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anatsegulira makina ena awiri pasiteshoni ya Hwange, a nambala 7 ndi 8, a mamegawati 300 lililonse, omangidwa ndi kampani ya Sinohydro ndi ngongole yochokera ku China. Ndipo madzi, amene anatsitsa malasha mu 1960, ndiwo akuwakweza tsopano. Mu November 2022 madzi a mu Kariba anatsika mpaka mbali ya Zimbabwe inauzidwa kuti ileke kupanga magetsi, ndipo chilala cha 2024 chinabwerezanso zomwezo mbali zonse ziwiri za mtsinje. Nyumba za ku Harare ndi ku Lusaka zinkakhala mumdima maola ambiri patsiku. Boma lililonse likafika pamenepo limayang'ana chimene lili nacho pansi pa nthaka.

Zonsezi zikuchitika pamene mayiko olemera akutseka migodi ndi masiteshoni awo a malasha. Britain, dziko limene linaphunzitsa anzake kuotcha malasha, linatseka mgodi wake womaliza wapansi, wa Kellingley, mu December 2015, ndipo linazimitsa siteshoni yake yomaliza ya magetsi a malasha pa 30 September 2024. Ngakhale China, kudzera mwa Pulezidenti Xi Jinping, inalonjeza mu September 2021 kuti sidzamanganso masiteshoni atsopano a malasha kunja kwa dziko lake. Ine sindili m'gulu la oloza Zimbabwe chala pa nkhani imeneyi. Utsi wa dzikolo ndi kadontho poyerekeza ndi umene mayiko akumpoto atulutsa kwa zaka 200, ndipo chilala chimene chinaumitsa Kariba sichinayambire ku Hwange. Mayi amene akuberekera kuchipatala chopanda magetsi sangadikire kuti mitengo ya mabatire itsike. Komabe n'zoonekeratu kuti kukwera kumeneku kuli ndi malire, chifukwa obwereketsa ndalama zomangira akutha mmodzimmodzi. Ndipo funso limene Kamandama anasiya silinayankhidwe: kodi pamene matani akuwerengedwa, ndani akuwerenga anthu?

Kukumba kwa pamtunda kunachepetsa ngozi ya methane, n'zoona, ndipo malamulo a chitetezo cha m'migodi anakhwimitsidwa ngozi ija itachitika. Koma zoopsa zinangotuluka pansi n'kubwera kumene kuli ana. M'madera ena a Hwange malasha akale ndi zinyalala za mgodi zikuyaka pansi pa nthaka, ndipo zakhala zikuyaka kwa zaka. Pamwamba pamaoneka ngati dothi wamba lotuwa, mwina ndi udzu wouma pambali. Mwana wothamangitsa mbuzi, kapena wodula njira popita kusukulu, amangoponda, nthaka n'kufumuka, phazi n'kulowa m'phulusa lamoto mpaka m'bondo. Ana angapo apsa chotero, ena alumala, ndipo alipo amene anamwalira. Anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Deka akhala akudandaula kuti madzi oipa ochokera kumigodi akupha nsomba ndi kudwalitsa ziweto. Malole olemera aphwanya msewu wa Bulawayo kupita ku Victoria Falls, ndipo fumbi lakuda limagona pamasamba, pazovala zoyanika ndi m'zifuwa. Mu September 2020, anthu atakwiya pomva kuti makampani ena apatsidwa chilolezo chofufuza malasha m'nkhalango yotetezedwa ya Hwange, boma linaletsa migodi m'malo osungira nyama. Linachita bwino. Njovu zinapeza oziyankhulira m'mayiko ambiri pa sabata imodzi yokha, ndipo ndimalakalaka ana a m'makomboni akanapeza owayankhulira mwachangu chomwecho.

Chaka chilichonse pa 6 June anthu amasonkhana ku Kamandama. Pamalopo pali chikumbutso cholembedwa mayina a omwalira. Kumabwera akuluakulu a kampani, a boma, a mipingo ndi a mabungwe a antchito, amaika nkhata za maluwa, ndipo ogwira ntchito m'migodi ya dziko lonselo amalitenga tsikuli ngati lokumbutsana za chitetezo. Kumakhalanso amasiye, amene chiwerengero chawo chikuchepa chaka ndi chaka. Ambiri anali atsikana ndithu mu 1972, ena ali ndi pakati, ndipo ana amene anabadwa miyezi yotsatira ali ndi zaka zoposa 50 lero, ena ali ndi zidzukulu, osawadziwa bambo awo ngakhale pachithunzi. Amayiwa akhala akuuza atolankhani mobwerezabwereza kuti thandizo limene amalandira ndi lochepa ndipo silibwera mokhazikika. Awa ndi amene anatsala ku Hwange, amene kampani imawaona ndi maso. Amene anabwerera kwawo, ku Zambia, ku Tete, ku Malawi, ku Tanzania, anachoka m'maso mwa aliyense. Nyumba ya m'komboni inali ya wantchito, ndipo wantchito akafa, banja lake linkasanduka alendo pakhomo pomwe linkakhala.

Ife ku Malawi tili ndi chizolowezi choiwala anthu amene anafera kuntchito kunja. Timakumbukira pang'ono ngozi ya ndege ya ku Francistown ya mu April 1974, imene inapha Amalawi oposa 70 obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni, chifukwa inachititsa Dr Banda kuimitsa bungwe la Wenela kulemba anthu m'dziko muno. Za ku Wankie, zimene zinachitika zaka 2 zokha m'mbuyo mwake, sizili pakalendala ya boma, ndipo mwana wa sukulu angamalize maphunziro ake osalimva dzina la Kamandama. Komatu ndalama za anthu ngati amenewa ndi zimene zinkalipira msonkho, kugula malata ndi njinga, ndi kuphunzitsa ang'ono awo amene pambuyo pake anadzakhala aphunzitsi ndi akuluakulu a boma. Dziko limene kwa zaka zambiri linkatumiza kunja anthu kuposa katundu wina aliyense liyenera kudziwa kumene anthu akewo anagona.

Sizofuna ndalama zambiri. Malawi ali ndi ofesi ya kazembe ku Harare, ndipo kuchoka ku Harare kukafika ku Hwange ndi ulendo wa tsiku limodzi pagalimoto. Kazembe angathe kukakhala nawo pamwambo wa pa 6 June, monga woimira dziko limene linataya anthu 37. Mayina ali pachikumbutso, ndipo kampani imene inkalemba munthu ntchito inkalembanso boma la kwawo, mfumu yake ndi mudzi wake, chifukwa zimenezi zinkakhala pachitupa. Wina akawakopere mayinawo, awapereke ku nyumba yosungira zakale ku Zomba, ndipo wailesi iwawerenge limodzi ndi midzi yawo, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'Chitonga. Alongo ndi ang'ono a amuna amenewa ali ndi zaka za m'ma 70 ndi 80 tsopano, ndipo ambiri a iwo amamvera wailesi tsiku lililonse.